Mutu 4: Kamtanda pa Mapu a Tikondane

1. "Shopu yapeza mwini"

Munthu wa ku Liwonde wailesi yake ikasiya kulankhula sankafunsa njira. Kuseri kwa depoti ya maminibasi kunali kashopu ka malata ka a Blasius, momwe munkachira mawailesi, matochi ndi mafoni. Masana munkatentha ngati mu uvuni, ndipo munkanunkha mtovu wosungunuka.

Matilda, mwana yekhayo wa a Blasius ndi a Sabina, anakulira m'kashopu kameneka. Ali Sitandade 4 ankatola timasikuluwu togwa pansi. Pofika Folomu 3 anali atadziwa kusenda waya, kugwira chitsulo chowotcherera osanjenjemera, ndi kuzindikira sipika yakufa pongoikhudza ndi batire. Anzake akaweruka ankapita kumpira wamanja. Iye ankathamangira kushopu.

Koma m'mwezi wa Seputembala pakhomo panabwera mlendo. Anali Tikondane, msuweni wake, mwana wa mlongo wawo wa a Blasius. Anachokera kwa Kalembo kudzayamba Folomu 1, atanyamula kachikwama kamodzi ndi gitala yopanga yekha ndi chigubu cha mafuta. Anali mnyamata wofatsa, wochepa mawu, wa zala zazitali. Pasanathe milungu iwiri, kwaya ya achinyamata ya kutchalitchi inamupatsa gitala yeniyeni kuti aziimba. Ndipo nayenso akaweruka anayamba kubwera kushopu.

Loweruka lina m'mawa kunafika a Swaibu, ogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, wailesi ili m'jumbo.

"Ajimwiche uli, che Blasius?"

"Tadzuka bwino, che Swaibu. Yatani wailesi?"

"Yangoti zii kuyambira dzana. Ndikugulitsa nsomba ngati ndili pamaliro."

A Blasius anapereka wailesiyo kwa Matilda. Iye anaitsegula, napeza waya woduka pafupi ndi mabatire, nayamba kulumikiza. A Swaibu maso anali pa Tikondane.

"Nanga mnyamatayu?"

"Mwana wa mlongo wanga ameneyu, wa kwa Kalembo."

"Aaa! Ndiye mwachita mwayi, che Blasius. Mwana wa mlongo ndiye amatola ndodo ya amalume ake. Shopu yapeza mwini tsopano. Mtsikanayu mawa akwatiwa, zamawayazi aziiwala."

A Blasius anangoseka. Sanavomere, komanso sanakane.

Nthawi yomweyo wailesi inayamba kulankhula m'manja mwa Matilda. A Swaibu anaomba m'manja. "Manja anu ndi amankhwala, che Blasius!" Anatenga wailesi yawo n'kumapita. Matilda anabwezera chitsulo chowotcherera pamalo pake mwamphamvu moti timasikuluwu tinadumpha patebulo.

2. Choyamba ndi pepala

Kwaya ija inkakonzekera mpikisano wa makwaya ku Balaka. Vuto linali limodzi: ng'oma zikayamba, gitala sinkamveka. Tikondane ankakhwakhwaza zingwe mpaka zala kutupa, koma anthu a kumbuyo ankangoona manja akuyenda.

A Hilary, mtsogoleri wa kwayayo, anabwera kudzadandaula kushopu. "Kwatsala milungu itatu, a Blasius. Simungatipangire ka ampulifaya kakang'ono, kongokweza mawu a gitalayi?"

"Ndikupangirani," anatero a Blasius. "Koma osati ine. Apanga anawa."

Madzulo a tsikulo anayala zipangizo patebulo. Panali sipika ya wailesi yakale, batire la njinga yamoto, kachipu kakuda ka miyendo isanu ndi itatu kamene kamakweza mawu, ndi tizipangizo tina tozula m'mawailesi akufa. Matilda anatambasula dzanja kuti atenge chitsulo chowotcherera, koma bambo ake anachisunthira kutali. M'malo mwake anapatsa aliyense pepala ndi pensulo.

"Tamverani, ana inu. Munthu wopupuluma akaona zipangizo ngati izi amathamangira kuwotcherera. Alumikiza apa, alumikiza apo, kenaka utsi. Amene anandiphunzitsa ine ntchitoyi anandiletsa kugwira waya miyezi iwiri yathunthu. Ankati magetsi ali ngati madzi a mungalande: amapita kumene wawakumbira, osati kumene ukuwafunira. Ndiye usanakumbe, jambula. Chojambulacho ife timachitcha mapu, chifukwa chimaonetsa njira yonse imene magetsi ayende, kuchoka pa batire mpaka kubwerera. Pepala likalakwika umafufuta ndi labala. Chipangizo chikapsa sichifufutika."

Kenaka anawaonetsa zizindikiro. Lezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, imajambulidwa ngati mano a sowo. Batire ndi mizere iwiri, wautali ndi waufupi. Mawaya awiri akakumana n'kulumikizana, pamaikidwa kadontho. Akangodutsana, winayo amamujambulira kamlatho.

"Ngati msewu umene umadutsa pamwamba pa Shire osanyowa," anatero Tikondane motsitsa mawu.

"Ndi zimenezo!" A Blasius anamumenya paphewa mosangalala. "Mwamumva mnyamatayu?"

Matilda anamumva. Anayang'ana pepala lake.

Pomaliza a Blasius anatola kachipangizo kooneka ngati kamgolo. "Iyi ndi kapasita. Imasunga magetsi ngati mtsuko. Yaikuluyi ikhala pafupi ndi batire. Taonani mzere woyerawu: mbali imeneyi ndi ya mainasi, inayo ndi ya pulasi. Pamapu, mbali ya pulasi mumaikapo kamtanda, ndipo kamtandako kaziyang'ana ku pulasi ya batire. Mukaitembenuza imakwiya. Chimene simukuchidziwa mufunse. Safunsa anadya phula."

Anawalembera pabolodi njira yonse: mawu a gitala alowera pa mwendo wachitatu wa kachipu, atulukira pa wachisanu kupita ku sipika, ndipo batire lidyetsa mwendo wachisanu ndi chimodzi.

"Lachinayi mundionetse mapu anu. Amene ake ndiwakonde ndi amene timange, ndipo mwini wake adzanyamula ampulifayayo kupita nayo ku Balaka."

3. Mapepala awiri

Matilda anajambula ake tsiku lomwelo. Zipangizo zonsezo ankazidziwa ndi manja, ndiye sanaone chifukwa chochedwera. Sanatenge lula. Mizere inkakhota, ina inkakwerana, ndipo pamene analakwitsa ankangokhwatcha n'kupitiriza.

Tikondane anatha masiku atatu. Ankasongola pensulo ndi lezala, ankayeza ndi lula, ankafufuta, n'kuyambiranso. Kawiri konse anabwera kwa Matilda.

"Achemwali, kamlathoka ndajambula bwino?"

"Kafunse amalume ako," anayankha Matilda osacheuka. Kachiwiriko analanda lula yake m'manja mwa mnyamatayo, ngakhale iye sankaigwiritsa ntchito. Tikondane anamalizitsa mizere yake ndi chikuto cha buku.

Lachinayi linakwana. A Blasius anatenga mapepala onse awiri n'kuima nawo pakhomo pamene panali kuwala. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndipo magalasi awo anasweka mwezi wapitawo. Anagwira pepala la Matilda patali, nalibweretsa pafupi, nalitembenuza.

"Matilda, kodi papepalapa panayenda nkhuku?"

A Hilary, amene anabwera kudzaona, anaseka.

"Zonse zili m'malo mwake, bambo," anatero Matilda. "Ndikhoza kukuwerengerani."

"Ndikudziwa kuti ukhoza. Koma mapu sajambulira mwini wake. Amajambulira munthu wina amene adzakonze chinthucho iwe kulibe. Ngati mpaka uimirire pambali n'kumafotokoza, ndiye kuti sunajambule."

Kenaka anatenga la Tikondane. Mizere inali yowongoka ngati njanji. Gitala inali kumanzere, sipika kumanja, ndipo chipangizo chilichonse chinali ndi dzina lake m'munsi.

"A Hilary, taonani izi. Mwana wa Folomu 1! Ine ndinatha chaka ndisanafike apa." Anatenga msomali napachika pepalalo pakhoma, pamwamba pa tebulo. "Timanga amenewa Loweruka."

Tikondane anamwetulira akuyang'ana pansi. Matilda anapinda pepala lake kanayi, naliika m'thumba la siketi, natuluka osatsanzika.

4. Mawu a pakhonde

Matilda anakapeza amayi ake ali pakhonde, akusoka yunifolomu ya kwaya. A Sabina anali telala, ndipo maso awo ankaona zambiri kuposa ulusi.

"Bwera undigwirire nsaluyi," anatero. Matilda anagwira. Makina analira kanthawi, kenaka anaima.

"Ndakhala ndikukuona, Matilda. Sabata ino msuweni wako sunamuyankhe ngakhale moni. Dzana unamulanda lula. Lero wabwera nkhope ili ndwii. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe."

"Iyayi, chilipo. Tamvera ndikuuze. Pamene ndinkaphunzira kusoka ku Balaka ndinali ndi mnzanga, dzina lake Lena. Tinkadyera mbale imodzi. Koma iye ankadula kolala bwino kuposa ine, ndipo aphunzitsi ankanyamula malaya ake kuonetsa kalasi yonse. Mtima unkandiwawa moti ndinasuntha mpando wanga kupita nawo kumbuyo. Ukudziwa chimene chinachitika? Lena anapitiriza kudula makolala abwino. Ine ndinatha zaka zisanu ndikuwononga nsalu za anthu, chifukwa munthu yekhayo amene akanandionetsa ndinali nditamuda. Nsanje siluma amene ukumuchitirayo, mwana wanga. Ili ngati chiswe. Chimadya mtengo umene chikukhalamo. Kunja mtengowo umaoneka wabwinobwino, koma tsiku la mphepo umangogwa, n'kugwera anthu amene sunkaganiza n'komwe."

A Sabina anatembenuza nsalu ija, napitiriza.

"Ndiponso mnyamata uja umuganizire. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Amayi ake akukhalira ganyu m'minda ya eni. Mawu abwino amene amalume ake akumupatsawa, mwina ndi oyamba kuwamva kuchokera kwa munthu wamkulu wamwamuna. Iwe bambo ako uli nawo tsiku ndi tsiku."

"Ine ndatha zaka zisanu ndi ziwiri m'shopu muja, amayi," anatero Matilda. "Tsiku ndi limodzi lomwe bambo sanapachikepo chinthu changa pakhoma. A Swaibu atanena kuti shopu yapeza mwini, bambo anangoseka."

A Sabina anaika nsalu pambali. "Ngati ndi zimenezo, ukawauze bambo akowo. Ukawauze ndi pakamwa. Usakawauze ndi zochita. Wandimva?"

"Ndamva."

Koma sanakawauze.

5. "Zili bwino"

Lachisanu ana aja ataweruka, a Blasius anatsitsa pepala lija pakhoma n'kumuitana Matilda.

"Mapu aliwonse amafuna maso awiri, a wojambula ndi a woyang'anira. Wojambula saona cholakwa chake, monga munthu saona msana wake. Ine mizere ndikuiona, koma timanambala ndi timitanda ta pensuloti tikungovina m'maso mwangamu. Iwe zipangizozi unaziyamwira. Tenga pensulo, uyende ndi waya aliyense kuchoka pa batire mpaka kubwerera. Usadumphe ngakhale kadontho. Ukapeza cholakwa unene, usachite manyazi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ukati zili bwino, ine sindiyang'ananso, chifukwa mawu ako ndimawakhulupirira."

Atatero anatuluka kukapereka foni ya kasitomala kudepoti.

Matilda anakhala pansi. Anayamba pa batire, nayenda ndi waya wa pulasi mpaka pa mwendo wachisanu ndi chimodzi wa kachipu. Panali bwino. Anaona malezisita, anaona timilatho, anaona sipika. Zonse zinali m'malo mwake, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri.

Kenaka pensulo yake inaima pa kapasita yaikulu ya pafupi ndi batire.

Kamtanda kanali mbali yolakwika. Kankayang'ana ku mainasi.

Anayang'ananso kachiwiri, kachitatu. Sanalakwitse. Mapu okongola aja, opachikidwa pakhoma ndi msomali, anali ndi cholakwa chimene iye sakanachichita ngakhale ali m'tulo. Labala anali pomwepo patebulo, pafupi ndi dzanja lake.

Tikondane anaima kumbuyo kwake, manja ali kumsana, ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso. "Zili bwanji, achemwali? Pali pamene ndalakwitsa? Mundiuze ndikonze amalume asanabwere."

Matilda anadziuza kuti palibe choopsa chingachitike. Mwina ampulifayayo ingokana kulira. Mwina patuluka kautsi pang'ono, a Hilary aseke, ndipo bambo ake afunse kuti pepala lina lija lili kuti. Linali likadali m'thumba la siketi yake.

Anachotsa pensulo pa kamtanda paja.

A Blasius analowa akupukuta thukuta. "Wapeza chiyani?"

"Zili bwino, bambo."

"Zonse?"

"Zonse."

Tikondane anapumira m'mwamba. "Zikomo kwambiri, achemwali."

Matilda anadzuka, nati akukatunga madzi akumwa.

6. Loweruka

Anayamba kumanga dzuwa lisanawawe. A Blasius anali atakhoma kale kabokosi ka matabwa, sipika ili kutsogolo. Tikondane ankawerenga mapu n'kumaloza pamene chipangizo chilichonse chikhale, ndipo Matilda ankawotcherera. Manja ake anayenda mwaluso monga mwa masiku onse. Koma atafika pa kapasita yaikulu ija anaika chitsulo pansi.

"Imeneyi uike wekha. Uphunzire."

Tikondane anasangalala. Anayang'ana kamtanda pamapu, natembenuza kapasitayo kuti igwirizane nako, nawotcherera mosamala, lilime lili panja.

Cha m'ma teni koloko kunafika a Hilary ndi atsikana atatu a kwaya. Oyendetsa njinga za kabaza awiri anaima pakhomo kuti aone. Tikondane analumikiza waya wa gitala. A Blasius anagwira mawaya a batire.

"Konzeka, mphwanga."

Analumikiza. Sipika inati tsii. Tikondane anakhudza chingwe chimodzi, ndipo mawu anadzaza shopu yonse mpaka malata kunjenjemera.

Atsikana aja analulutira. A kabaza anaimba mluzu. Tikondane anayamba nyimbo ya kwaya imene ankakonzekera, ndipo a Hilary anayamba kuimba akugwedeza mapewa. Anthu a kudepoti anatembenuka kufuna kudziwa kumene gitala ikulirira.

Matilda anaima pakona kukamwa kuli yasa. Ampulifayayo inkalira. Kwa kanthawi anaganiza kuti mwina anaona molakwa.

Kenaka anamva fungo, ngati la pulasitiki yopsa.

A Blasius nawonso analimva. Anakweza dzanja. "Dikira kaye. Chikununkha n'chiyani?" Chifukwa cha maso awo aja, anawerama n'kuika nkhope pafupi kwambiri ndi kabokosiko.

Matilda anaona mutu wa kapasita utatupa ngati chithupsa.

"Bambo, chokani!"

Phuu!

Kunamveka ngati mfuti. Utsi woyera unakwera, timapepala tonyowa tinamwazika patebulo. A Blasius anabwerera m'mbuyo, nagunda shelefu, nagwa pansi atagwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Mayo! Diso langa!"

Atsikana anathawira panja akukuwa. Matilda anazula waya wa batire, natenga chigubu cha madzi akumwa, nagwada pafupi ndi bambo ake. "Chotsani manja, bambo! Chotsani manja ndithire!" Anathira madzi onse m'diso lakumanzere, limene linali litafiira kale ngati phwetekere. A Hilary anathamanga kukaitana galimoto.

Tikondane anali chiimire pamalo pomwe paja, gitala ili pachifuwa.

7. Funso limodzi

Kuchipatala anatsuka disolo nthawi yaitali, nathiramo mankhwala, nalimata ndi bandeji. Adokotala anati abwerenso Lachiwiri. Ngati disolo lidzaonenso kapena ayi, anati n'zosadziwika mpaka kutupa kutaphwa.

Anabwerera kunyumba masana. A Sabina, amene anathamangira kuchipatala atavala silipasi imodzi, anali akadali ndi mantha. Atangoona Tikondane atakhala pansi pa mtengo wa mango, mantha awo anasanduka ukali.

"Iwe! Wabwera kuno kudzaphunzira kapena kudzachititsa khungu amalume ako? Diso limenelo ndi limene likutidyetsa tonse pakhomo pano, ndi iwe wemwe! Usadzagwirenso waya m'shopu muja!"

"Pepani," anatero Tikondane. "Ndalakwitsa ndine. Pepani."

"Sabina, musiye mwanayo," anatero a Blasius motopa. Analowa m'nyumba n'kukagona pamkeka. Patapita kanthawi anaitana Matilda. "Ku Balaka kwatsala milungu iwiri. Kwaya isavutike chifukwa cha ine. Ujambulenso mapu ako aja bwinobwino, ndi lula. Umange ndiwe, ndipo ukanyamule ndiwe. Kuyambira lero ndiwe maso anga."

Awa ndi mawu amene Matilda anawadikira mwezi wathunthu. Anatuluka nawo panja ngati wanyamula mwala. Anakhala kuseri kwa khitchini, natulutsa pepala lija m'thumba, koma sanalifunyulule.

Cha m'ma folo koloko a Sabina, mtima utatsika, anatenga tiyi kuti akampatse Tikondane. Pansi pa mango panalibe munthu. M'chipinda chake munalibe kachikwama kaja, ngakhale gitala ya chigubu. Gitala ya kwaya yokha ndi imene inali pabedi, itapukutidwa bwino. Mayi wa nyumba yoyandikana nawo anati anamuona akuwoloka mlatho wapansi, kulowera kumene amakwerera magalimoto a kwa Kalembo.

A Sabina anakhala pansi pakhonde n'kugwira mutu. "Ndine ndamuthamangitsa. Pakamwa panga pamenepa."

A Blasius anatuluka akupapasa chitseko. Anakhala pampando, diso limodzi lili pa mwana wawo.

"Matilda, bwera ukhale apa."

Anabwera, nakhala pansi.

"Ndakhala ndikuganiza pamkeka paja. Mwana wongoyamba kumene kutembenuza kamtanda si chachilendo. Ine ndemwe ndinaphulitsa makapasita atatu ndikuphunzira. N'chifukwa chake pamakhala woyang'anira. Koma iwe unali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene unandigwira dzanja ndikufuna kuika kapasita mozondoka m'wailesi ya kasitomala. Ndipo lero wakuwa kuti ndichoke isanaphulike. Pa zipangizo zonse zinali m'bokosi muja, maso ako anali pa chimodzi chokha. Mwana wa mlongo wanga ali pamsewu pano, wasenza mlandu wonse yekha. Amayi ako akudziimba mlandu. Ndikufunsa kamodzi kokha, ndipo chimene uyankhe ndichikhulupirira monga ndinakhulupirira dzulo. Kamtanda kaja unakaona, kapena sunakaone?"

A Sabina anadzutsa mutu. Kunjanji kunalira sitima. Matilda anayang'ana bandeji yoyera ija, imene pakati pake panali patayamba kunyowa.

"Ndinakaona, bambo."

"Ambuye!" anatero a Sabina.

"Unakaona," anabwereza a Blasius motsitsa. "Ndiye unati zili bwino chifukwa chiyani?"

Misozi inayamba kutsika. "Ndimafuna kuti ikane kulira basi. Ndimafuna mutsitse pepala lake pakhoma. A Swaibu anati shopu yapeza mwini, inu munangoseka. Sindimadziwa kuti muwerama, bambo. Sindimadziwa."

A Blasius sanakalipe. Anapukuta diso labwinolo ndi chikhatho.

"Pa za a Swaibu ndinalakwa ndine. Ndinayenera kuyankha, ndipo tidzakambirana. Koma zimenezo sizifufuta zako. Unakumba dzenje kuti agweremo mnzako, wagweramo ndi bambo ako. Diso langa lisiye, limenelo ndi la Mulungu ndi madokotala. Chimene chili m'manja mwako ndi mnyamata uja. Akafika kwawo akauza amayi ake kuti wapweteka amalume, ndipo ndikumudziwa mlongo wanga: sadzamulolanso kuponda kuno. Sukulu yake ithera pomwepo."

Anaimirira, nagwira mzati wa khonde.

"Mawa tikatuluka m'tchalitchi ukwere minibasi ya kwa Kalembo. Ukagwade pamaso pa azakhali ako, Tikondane ali pomwepo, ukanene zonse wanena panozi. Osachotsera, osakometsera."

"Ndekha, bambo? Azakhali akandi..."

"Wekha. Ndipo kuno usabwere wekha."